George Padmore: Mlembi wa Nyuzi Amene Anakhala Mlangizi wa Dr. Nkrumah

Mwa anthu amene anagwira ntchito yaikulu kuti maiko a mu Africa alandire ufulu wodzilamulira, alipo ena amene sanakhalepo nduna kapena mtsogoleri wa chipani, koma atsogoleri ankayamba awafunsa nzeru asanachite kanthu. Mmodzi wa iwo ndi Bambo George Padmore, mbadwa ya ku Trinidad, amene anamwalira ku London pa 23 Seputembala 1959 ali Mlangizi wa Nduna Yaikulu ya dziko la Ghana pa nkhani za Africa. Pa moyo wawo anagwira ntchito za mitundu itatu. Analemba m'nyuzi kudzudzula maboma a atsamunda, anatumikira bungwe lalikulu la ku Moscow limene linali m'manja mwa Boma la Russia, ndipo potsiriza analowa m'Boma la anthu akuda nakhala pafupi ndi mtsogoleri wake. Mbiri yawo ionetsa zimene munthu amapindula ndi zimene amataya pa ntchito iliyonse mwa zitatuzi, ndipo ikhudza kwambiri onse amene amalemba makalata a Boma kapena kuphunzitsa ana mbiri ya Africa.

Mwana wa mphunzitsi

Dzina limene makolo anawapatsa linali Malcolm Nurse. Anabadwa m'chaka cha 1903 ku Arouca, pa chilumba cha Trinidad ku West Indies, chimene pa nthawiyo chinali pansi pa Angelezi. Banja lawo linali la zidzukulu za anthu a ku Africa amene anaolotsedwa nyanja m'masiku a ukapolo. Atate awo anali mphunzitsi, ndipo m'nyumba mwawo munali mabuku, kotero kuti mnyamatayo anazolowera kuwerenga akali wamng'ono. Mnzake wa paubwana anali C. L. R. James, amene pambuyo pake anatchuka polemba mbiri ya akapolo a ku Haiti. Awiriwa anadzakumananso ku London atakula, nagwira ntchito limodzi.

Atatsiriza sukulu ku Port of Spain m'chaka cha 1918, mnyamatayo analembedwa ntchito yotola nkhani pa kampani yosindikiza nyuzi ya Trinidad Guardian. Kumeneko anaphunzira luso limene linadzawadyetsa moyo wawo wonse, ndilo kulemba msanga, kusunga manambala, ndi kutumiza nkhani nthawi isanathe. Koma m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda mtolankhani wakuda analibe chiyembekezo chokwera patali, motero kumapeto kwa 1924 anapita ku America kukaphunzira za udokotala pa Fisk University ku Nashville. Ku Trinidad sanabwererenso mpaka imfa yawo.

Maphunziro a udokotala sanawatsirize. Anasamukira ku New York ndi ku Howard University mumzinda wa Washington, natembenukira ku malamulo ndi ndale. Tsankho limene anthu akuda ankaliona ku America m'zaka zimenezo linawawawitsa mtima, ndipo m'chaka cha 1927 analowa chipani cha Chikomyunizimu, pakuti chinali chimodzi mwa zipani zochepa za Azungu zimene zinkatsutsa poyera tsankho ndi utsamunda. Pamenepo ndi pamene anatenga dzina lakuti George Padmore, pofuna kubisa dzina lawo lenileni pa ntchito za ndale.

Ku Moscow ndi ku Hamburg

M'chaka cha 1929 Bambo Padmore anapita ku Moscow. Akuluakulu a kumeneko anaona kuti mnyamatayu ngwodziwa kulankhula ndi kulemba, nawaika kuyang'anira nthambi ya anthu akuda m'bungwe la Profintern, limene linkasonkhanitsa mabungwe a anthu ogwira ntchito otsata Chikomyunizimu pa dziko lonse. Anawasankhanso kukhala m'khonsolo ya mzinda wa Moscow. Munthu wakuda wa zaka zosafika 30 anapezeka ali ndi ofesi, malipiro ndi ndalama zoyendetsera ntchito, zinthu zimene ku Trinidad sakadazilota.

Mu Julayi 1930 anathandiza kukonza msonkhano wa anthu akuda ogwira ntchito ku Hamburg m'dziko la Germany, ndipo kuyambira 1931 anakhala mumzindawo ngati mkonzi wa nyuzi yotchedwa The Negro Worker. Hamburg anasankhidwa chifukwa ndi doko lalikulu. Maboma ambiri a atsamunda analetsa nyuziyo, tsono inkayenda mobisa m'manja mwa amalinyero a sitima zapamadzi zopita ku madoko a West Africa, South Africa ndi West Indies, ndipo amalinyero omwewo ankabwera ndi makalata a anthu a kumeneko. Mwa njira imeneyi Bambo Padmore anadziwana ndi anthu ambiri a m'maiko osiyanasiyana, nasunga maina ndi makeyala awo, chimene chinadzakhala chuma chawo chachikulu. Ndi iwo amene anatenga Jomo Kenyatta wa ku Kenya kupita naye ku Moscow kukaphunzira m'chaka cha 1932.

Adolf Hitler atalowa m'Boma mu Januwale 1933, apolisi a ku Germany anagwira Bambo Padmore nawathamangitsira ku England. M'chaka chomwecho ubale wawo ndi Moscow unayamba kusweka, ndipo mu Febuluwale 1934 anachotsedwa m'gulu la Chikomyunizimu. A ku Moscow anawaneneza kuti ankayenda ndi anthu ochotsedwa kale m'gululo ndi kuti ankaika khungu patsogolo m'malo mwa nkhondo ya olemera ndi osauka. Iwo anafotokoza nkhaniyo mosiyana. Anaona kuti Russia, poopa Hitler, anayamba kufuna ubwenzi wa Britain ndi France, motero anafuna kuti kudzudzula maiko awiriwa kuchepe. Koma Germany analibe dziko mu Africa chiyambire kutha kwa nkhondo yoyamba, pamene Britain ndi France ndiwo anali kulamulira mbali yaikulu ya Africa. Zimene zinatsatira zinalimbitsa maganizo awo, pakuti Russia analowa mu League of Nations m'chaka cha 1934, napangana ndi France mu 1935, ndipo pamene Italy anathira nkhondo Ethiopia, Russia sanaleke kugulitsa mafuta ku Italy.

Pa zimenezi Bambo Padmore anaphunzira kuti amene amalipira ntchito ndiye amanena kumene ntchitoyo ilowere, ndi kuti dziko lamphamvu limathandiza ofooka pokhapokha ngati thandizolo likugwirizana ndi zofuna zake. Sanaleke kukhulupirira kuti chuma cha dziko chiyenera kupindulitsa anthu onse, ndipo mu 1946 analembanso buku loyamikira m'mene Russia anachitira ndi mitundu ya anthu a m'malire ake. Koma sanalowenso chipani cha Chikomyunizimu, ndipo kwa atsogoleri a ku Africa ankalangiza kuti magulu awo akhale m'manja mwawo.

Cholembera ku London

Atakhala pang'ono ku Paris, anakhazikika ku London m'chaka cha 1935 alibe malipiro a pamwezi. Mu Okutobala chaka chomwecho asilikali a Mussolini analowa mu Ethiopia, ndipo anthu akuda okhala ku London anasonkhana kuti adandaule. Gulu limeneli ndilo linabala bungwe la International African Service Bureau m'chaka cha 1937. Wapampando wake anali Bambo Padmore, ndipo ena mwa anzawo anali C. L. R. James, Jomo Kenyatta, I. T. A. Wallace-Johnson wa ku Sierra Leone ndi T. Ras Makonnen wa ku British Guiana.

Bungwelo linali laling'ono ndi losauka, koma linkadziwa kumene mphamvu inali. Maiko a atsamunda ankalamulidwa kuchokera ku Colonial Office ku London, ndipo nduna yoyang'anira ofesiyo inkayenera kuyankha mafunso m'Nyumba ya Malamulo ya Britain. Tsono kukachitika sitiraka kapena kumangidwa kwa anthu m'dziko lina lakutali, makalata ankafika kwa Bambo Padmore, iwo nalemba nkhaniyo mwadongosolo napereka kwa aphungu achifundo kuti akafunse funso m'Nyumbamo. Funso lotere linkachititsa kuti nduna ilembere Bwanamkubwa wa dzikolo kufuna kumva zimene zachitika, ndipo Bwanamkubwayo ankadziwa kuti ku London kuli maso.

Ntchito inayo inali kulemba m'nyuzi. Nkhani zawo zinkatuluka mu Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier ku America, mu West African Pilot imene Nnamdi Azikiwe anayambitsa ku Lagos m'chaka cha 1937, mu Ashanti Pioneer ya ku Kumasi, ndi m'nyuzi zina za ku West Indies. Kalaliki wa ku Lagos ankawerenga za sitiraka ya ku Trinidad, ndipo mphunzitsi wa ku Kumasi ankamva za kulandidwa kwa minda ku Kenya. Anthu amene ankayesa kuti mavuto awo ndi a iwo okha anayamba kuzindikira kuti akuchokera ku gwero limodzi. Mphamvu ya zolemba zawo inali yakuti ankatenga manambala m'malipoti a Boma la Britain lomwe, monga a misonkho, a malipiro a m'migodi ndi a ndalama zopita ku sukulu, kotero kuti kunali kovuta kuwatsutsa. Buku lawo la 1936 lotchedwa How Britain Rules Africa linalembedwa mwa njira yomweyo, ndipo lina la 1949 linaletsedwa ku Kenya ndi ku Gold Coast.

Kuyambira 1941 mpaka 1957 anakhala m'nyumba yaing'ono pa Cranleigh Street ku London pamodzi ndi Dorothy Pizer, mayi wa ku England amene ankawathandiza kufufuza ndi kutaipa zolemba zawo, ndiponso kawirikawiri ndiye ankapeza ndalama za pakhomopo. Ophunzira, atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito ndi nthumwi za zipani zochokera ku Africa zinkafika m'nyumbamo kudzafunsa m'mene angalembere dandaulo, phungu amene angamuone, ndi mkonzi amene angasindikize nkhani yawo.

Msonkhano wa ku Manchester

M'chaka cha 1945 kunafika ku London mnyamata wa ku Gold Coast wochokera ku maphunziro ku America, dzina lake Kwame Nkrumah, atanyamula kalata ya C. L. R. James yomudziwitsa kwa Bambo Padmore. Awiriwa anagwirizana nthawi yomweyo, nakhala alembi okonza msonkhano wachisanu wa Pan-African Congress, umene unachitika ku Manchester kuyambira pa 15 mpaka pa 21 Okutobala 1945.

Pa kakonzedwe ka msonkhanowu panaoneka nzeru za Bambo Padmore. Ndalama zoitanira nthumwi kuchokera kutali panalibe. Koma m'chaka chimenecho kunali misonkhano iwiri yaikulu ya mabungwe a ogwira ntchito a pa dziko lonse, wina ku London mu Febuluwale, wina ku Paris kumapeto kwa Seputembala, ndipo atsogoleri a ogwira ntchito ochokera m'maiko a atsamunda anabwera ku Ulaya chifukwa cha misonkhanoyo. Motero tsiku la ku Manchester linaikidwa kuti litsatane ndi la ku Paris, nthumwizo zisanakwere sitima kubwerera kwawo. Malo ogona ndi chakudya anathandiza ndi Makonnen, amene anali ndi malo odyera mumzindawo.

Kunafika nthumwi pafupifupi 90. Dr. W. E. B. Du Bois wa ku America, amene anatsogolera misonkhano inayi yoyamba, anapatsidwa ulemu wa pampando. Panalinso Kenyatta, Wallace-Johnson, Amy Ashwood Garvey, Peter Abrahams wa ku South Africa, ndi Dr. Hastings Banda amene anaimira Nyasaland African Congress. Misonkhano yakale inkapempha atsamunda kuti alamulire mwachifundo, koma wa ku Manchester unafuna ufulu wodzilamulira, nunena kuti zida za anthu ndi mabungwe awo, sitiraka ndi kukana kugula katundu. Nyuzi za ku Britain sizinausamale kwenikweni, koma atatu mwa amene anakhalapo anadzakhala atsogoleri a maiko awo.

Kulangiza ndi makalata

Nkrumah anabwerera kwawo mu Disembala 1947. Mu Juni 1949 anayambitsa chipani cha Convention People's Party, mu Januwale 1950 anaitanitsa sitiraka ya dziko lonse, ndipo Boma linamutsekera m'ndende. Pa chisankho cha Febuluwale 1951 chipanicho chinapambana mipando 34 mwa 38 imene anthu anaponyera voti, kotero kuti Bwanamkubwa Sir Charles Arden-Clarke anamutulutsa m'ndende namupatsa udindo wotsogolera ntchito za Boma. Mu 1952 anakhala Nduna Yaikulu.

M'zaka zonsezi makalata sanaleke kuyenda pakati pa Accra ndi Cranleigh Street. Bambo Padmore ankalembera nyuzi ya chipanicho, Accra Evening News, ankafotokozera anthu a ku Britain zolinga za Nkrumah, ndipo anakacheza ku Gold Coast m'chaka cha 1951. Mfundo zawo zinali zodziwika: chipani chikhale cha anthu wamba, chifike m'midzi ndi m'misika, kulimbana kukhale kopanda kukhetsa mwazi, ndipo mpata uliwonse wa chisankho ugwiritsidwe ntchito, ngakhale malamulo ake akhale osakwanira. Ankadziwanso kuopsa kwa dzina lakuti Mkomyunisiti m'masiku amene America ndi Russia anali kukangana. Mu Okutobala 1953 Britain anachotsa Boma losankhidwa la Dr. Cheddi Jagan ku British Guiana litangokhala masiku 133, ponena kuti linali kutsata Chikomyunizimu. Buku lotsiriza la Bambo Padmore, Pan-Africanism or Communism? la 1956, linalembedwa kuonetsa kuti anthu a mu Africa safuna ufulu chifukwa chotumidwa ndi Moscow, ndi kuti kuchedwetsa ufuluwo ndiko kungawakankhire ku Moscow.

Panalinso pamene anthu ankawadandaula. Pamene Aashanti anayambitsa National Liberation Movement ku Kumasi m'chaka cha 1954, kufuna kuti zigawo zikhale ndi mphamvu zawozawo ndi kuti alimi a koko alandire mtengo wabwino, Bambo Padmore anaona zimenezi ngati kusankhana mitundu kumene kungagawe dziko. Anali munthu wokulira m'mizinda ya kunja, wosalankhula chinenero cha ku Gold Coast, ndipo otsutsa ankati sadziwa za mafumu ndi za minda ya koko.

Mlendo m'nyumba ya Boma

Ghana analandira ufulu pa 6 Malichi 1957, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Bambo Padmore anasamukira ku Accra kukakhala Mlangizi wa Nduna Yaikulu pa nkhani za Africa. Ofesi yawo inali kunja kwa unduna woona za maiko akunja, ndipo ankapereka malipoti kwa Dr. Nkrumah mwini. Akuluakulu a ntchito za Boma sanakondwe nazo. Odziwika mwa iwo anali A. L. Adu, mlembi wamkulu wa undunawo, ndi Robert Gardiner, amene anali mkulu woyang'anira ogwira ntchito za Boma.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka. Akuluakuluwo ankaona kuti dziko liyenera kulankhula ndi maiko ena ndi pakamwa pamodzi, kuti ndalama za Boma ziyenera kudzera m'njira zodziwika kuti ziwerengedwe, ndi kuti munthu wosabadwira m'dzikomo, wosalembedwa monga mwa malamulo a ntchito, sayenera kudumpha onse kukafika kwa Nduna Yaikulu. Koma Dr. Nkrumah ankaona kuti unduna umene unaphunzitsidwa ndi Angelezi unkadziwa kulemberana ndi akazembe a maiko odzilamulira, pamene mbali yaikulu ya Africa inali isanadzilamulire. Panafunika munthu wodziwa mtsogoleri wa chipani choletsedwa ku Cameroon, wa bungwe la ogwira ntchito ku Kenya, ndi wothawa kwawo wopanda pasipoti. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Bambo Padmore kanali maina ndi makeyala amene anasonkhanitsa kwa zaka pafupifupi 30.

Amene ankawatsutsawo sanali anthu aulesi kapena okonda atsamunda. Gardiner anadzatsogolera bungwe la United Nations loona za chuma cha Africa ku Addis Ababa kwa zaka zoposa 10. Adu ndi yemwe uja anabwera ku Nyasaland m'chaka cha 1960 kudzatsogolera komiti yoona m'mene mbadwa za dziko zingatengere maudindo a Azungu m'ntchito za Boma, ndipo pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa mlembi wamkulu wa Commonwealth. Kusamvanaku kunali kwa pakati pa mlangizi amene mphamvu yake imachokera pa kukhulupiriridwa ndi mtsogoleri mmodzi, ndi wantchito wa Boma amene mphamvu yake imachokera pa malamulo, ndipo amatsala mtsogoleriyo atachoka.

Misonkhano iwiri ya 1958

Bambo Padmore anakhala pa udindowu miyezi yosakwana 22, koma m'nthawi imeneyo kunachitika misonkhano iwiri imene inasintha ndale za Africa. Woyamba unali wa mu Epulo 1958, wa maiko asanu ndi atatu odzilamulira: Ghana, Ethiopia, Liberia, Libya, Morocco, Sudan, Tunisia ndi United Arab Republic, limene linali Egypt pamodzi ndi Syria. Msonkhanowo usanachitike, iwo anayenda m'malikulu a maikowo ndi nthumwi za Ghana kukagwirizanitsa zokambirana, pakuti panali mafumu, atsogoleri a chisilikali ndi a zipani amene sanakhalepo pa tebulo limodzi. Kenaka dziko la Guinea litakana kukhala pansi pa France mu Seputembala 1958, France nachotsa antchito ake ndi thandizo lake, Ghana analonjeza ngongole ya mapaundi 10 miliyoni, ndipo maiko awiriwo analengeza mgwirizano mu Novembala.

Wachiwiri unali All-African People's Conference wa mu Disembala 1958, wa zipani ndi mabungwe a ogwira ntchito. Kunafika nthumwi zoposa 300, ndipo wapampando anali Tom Mboya wa ku Kenya, wa zaka 28. Panali Patrice Lumumba wa ku Congo, Kenneth Kaunda ndi Harry Nkumbula a ku Northern Rhodesia, Joshua Nkomo wa ku Southern Rhodesia, ndi Dr. Banda, amene anali atangobwerera ku Nyasaland mu Julayi kudzalimbana ndi Chitaganya. Nkhani yovuta inali ya zida. Okonza msonkhano anaima pa njira yamtendere imene inapambana ku Ghana, koma nthumwi za ku Algeria, mmodzi mwa iwo Frantz Fanon, zinakumbutsa kuti kwawo kunali nkhondo chiyambire 1954. Potsiriza anagwirizana kuthandiza olimbana mwamtendere pamodzi ndi amene akakamizidwa kubwezera. Apa Bambo Padmore anaona kuti mankhwala amene anachiza Gold Coast, kumene kunalibe Azungu ambiri olima minda, sangachize dziko lililonse.

Zotsatira sizinachedwe. Ku Leopoldville kunabuka chipolowe mu Januwale 1959, ndipo Congo analandira ufulu pa 30 Juni 1960. Ku Nyasaland Boma linalengeza lamulo la nthawi yoopsa pa 3 Malichi 1959 nilimanga Dr. Banda ndi anthu ambiri a Congress, ndipo atsogoleri a Chitaganya anatchula msonkhano wa ku Accra monga gwero la mavutowo.

Imfa, ndi zimene zinatsala

Mu Julayi 1959 Bambo Padmore anaperekeza Dr. Nkrumah ku Sanniquellie m'dziko la Liberia, kumene anakambirana za umodzi wa Africa ndi William Tubman ndi Sékou Touré. Thupi linali litafooka kale ndi nthenda ya chiwindi. Mu Seputembala anapita ku London kukalandira thandizo, namwalira ku University College Hospital ali ndi zaka 56. Phulusa la mtembo wawo linaikidwa pa 4 Okutobala ku Christiansborg Castle mu Accra, linga la m'mbali mwa nyanja limene kale ankasungiramo akapolo asanawakweze sitima. Chaka chotsatira, cha 1960, maiko 17 a mu Africa analandira ufulu, ndipo mu Meyi 1963 bungwe la Organisation of African Unity linakhazikitsidwa ku Addis Ababa. Ku Accra kunatsegulidwa nyumba ya mabuku ya dzina lawo m'chaka cha 1961.

Poyesa ntchito yawo m'Boma, pali zinthu ziwiri zosayenera kuzilumpha. Choyamba, mu Julayi 1958, iwo ali pa udindo, Nyumba ya Malamulo ya Ghana inavomereza lamulo lolola Boma kutsekera munthu mpaka zaka zisanu osamuzenga mlandu. Nkhani za m'kati mwa dziko sizinali za ofesi yawo, koma malamulo a mtundu womwewo ndiwo ankawadzudzula kwa zaka zambiri pamene atsamunda ankawagwiritsa ntchito. Mlembi wa nyuzi amanena maganizo ake pabwalo, anthu onse namva. Mlangizi amanena m'chipinda, ndipo akakanidwa amasankha kukhala chete kapena kutula pansi udindo. Polowa m'Boma, Bambo Padmore anapeza mwayi wochita zimene kale ankangolemba, koma anataya ufulu umene anali nawo ku Cranleigh Street wodzudzula Boma lililonse.

Chachiwiri, ofesi yawo inasanduka Bureau of African Affairs iwo atamwalira, nikula, nikhalabe kunja kwa unduna. Popanda munthu wodziwa zinthu monga iwo, maiko oyandikana nawo anayamba kudandaula kuti ofesiyo ikusunga ndi kuphunzitsa anthu ofuna kugwetsa maboma a anthu akuda anzawo. Pa msonkhano wa Organisation of African Unity wa ku Accra m'chaka cha 1965, maiko angapo, monga Ivory Coast, Niger ndi Upper Volta, anakana kubwera chifukwa cha nkhani imeneyi. Asilikali atachotsa Dr. Nkrumah pa 24 Febuluwale 1966, ofesiyo inatsekedwa. Nkhawa za Adu ndi Gardiner zinaoneka kuti zinali ndi maziko, monganso misonkhano ya 1958 inaonetsa kuti Dr. Nkrumah sanalakwe poitana mlendo uja. Ofesi yomangidwa pa nzeru za munthu mmodzi inagwira ntchito bwino iye ali moyo, koma atachoka panalibe malamulo oiletsa kusokera.

Bambo Padmore sanasiye chuma, ndipo pa zaka zawo 56 anakhala mu Africa zosakwana ziwiri monga wokhazikika. Chimene anasiya ndi kachitidwe ka ntchito: kuwerenga malipoti a Boma mpaka tsamba lotsiriza, kuyankha kalata iliyonse, kudziwa ofesi imene nkhani ikagamulidwe ndi munthu amene angaifikitse kumeneko, ndi kuuza mtsogoleri zimene zingatheke chaka chino ndi zimene ziyenera kudikira. Pa nyumba ya pa Cranleigh Street anakhomapo chikwangwani cha chikumbutso m'chaka cha 2011, ndipo ku London komweko kuli George Padmore Institute, imene inakhazikitsidwa mu 1991 kuti isunge zolemba za anthu akuda a ku Britain, West Indies ndi Africa.